Kuika ma direct output a balanced pa mikisa yakale: potapa siginolo, magetsi ndi nkhani ya earth

Johannesburg ndi mzinda womwe wakhala ukujambula nyimbo kuyambira kalekale. Kampani ya nyimbo ya Gallo inayambira kuno mu 1926, SABC ili pa Auckland Park, ndipo pakati pa zimphona zimenezi panali masitudiyo ang'onoang'ono ambirimbiri. Anthu atasamukira pa kompyuta, mamikisa a analogi omwe ankagwira ntchito m'malo amenewa sanatayidwe onse kudzala. Ambiri anatsikira m'matchalitchi, m'magalaja ndi pa Facebook Marketplace, ndipo ena afika m'manja mwa ife Amalawi a ku Joni kuno amene timaimbitsa makwaya ndi magulu a gospel ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville ndi Diepsloot. Mtengo wake umakhala wotsika, maiki ikalowamo mawu amatuluka onona bwino, koma tsiku lofuna kujambula ndi lomwe munthu amaona chimene chikusowa.

Mikisa ya matchanelo 16 kapena 24 imalandira zonse: ng'oma, bezi, kiyibodi, oimba. Koma kumbuyo kwake potulukira m'pochepa, mwina stereo imodzi, magulu anayi ndi ma aux angapo. Mukajambula kuchokera pa stereo, zonse zasakanikirana kale, ndipo wa alto akaphonya kapena bezi ikaphimba anzake simungazipatulenso. Direct output ndi njira yotulutsira siginolo ya tchanelo chimodzi isanakumane ndi zinzake, kuti ilowe payokha mu interface (kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta) ndi kukhala ndi track yakeyake mu kompyuta. Mamikisa ena akale alibiretu zimenezi. Yamaha PM1000, yomwe inatuluka mu 1974 ndipo anthu amaikonda chifukwa cha mathiransifoma ndi ma transistor ake, inapangidwira kuimbitsa pa siteji, choncho tchanelo chake chilibe potulukira pachokha. Ena, monga ambiri a Tascam ndi Fostex a m'ma 1980, ali nawo ma direct output koma ndi a RCA, a unbalanced, ndipo mphamvu yake ndi yochepa.

Anthu ambiri akangomva za ntchito imeneyi amathamangira kufunsa ngati agule thiransifoma kapena chip. Funsolo ndi labwino koma si loyamba. Kwa ine ntchitoyi imakoma kapena kuonongeka pa zinthu zitatu zosagulidwa mu shopu: malo amene mwatapa siginolo, mphamvu ya power supply ya mikisayo, ndi pomwe mwamangirira shield ya waya (chitsulo cholukidwa chomwe chimakuta mawaya a mkati).

Potapa siginolo

Musanayatse chowotcherera, pezani schematic ya mikisa yanu. Ya mitundu yodziwika imapezeka pa intaneti mu service manual, ndipo popanda pepala limeneli mudzangokhala mukupenekera. Mukalitsata ndi chala muona ulendo wonse wa mawu. Kuchokera pa maiki amalowa mu preamp, pomwe pali gain. Kenako amadutsa pa insert (soketi yotulutsira siginolo ku chipangizo china n'kuibwezanso) ndi EQ (pokwezera kapena kutsitsira mabezi ndi mawu apamwamba), ndipo chimene chimayamba pa ziwirizi chimasiyana malinga ndi wopanga. Akatero amafika pa fader (kachogwirira kotsetsereka kokwezera ndi kutsitsira mawu), n'kulowa mu ka amplifier kotsatira fader, n'kudutsa pa pan, n'kugwera mu bus momwe matchanelo onse amakumana.

Ngati mumajambula mapemphero a Lamlungu kapena konsati, tapani fader isanafike. Mnyamata wa pa mikisa amakhala akukweza ndi kutsitsa malinga ndi zimene zikuchitika mu holo: abusa akaimirira amatsitsa kiyibodi, sipika ikayamba kulira amathothola maiki ya woimba. Zonsezo n'zothandiza anthu okhala mu holomo, koma mu chojambula zimasanduka mabala osapola. Pa chifukwa chomwecho, wojambula mu holo amachita bwino kutapa EQ isanafike, chifukwa EQ ya pa siteji nthawi zambiri imakhala yodulidwadulidwa pothawa feedback. Wa mu situdiyo nkhani yake ndi ina. Iye mwina anagula mikisayo chifukwa cha EQ yomweyo, choncho amatapa EQ itadutsa, ndipo ena amafuna fader itadutsanso kuti azitha kuyendetsa mawu a woimba ndi dzanja pojambula. Popeza maganizo amasintha, ndi nzeru kuika ka jumper ka mapini atatu pa bolodi yanu yatsopano kuti mawa musadzawotchererenso. Onaninso pomwe pali batani la mute. Pa mamikisa ena limadula siginolo fader isanafike, ndipo mukatapa kuseri kwake, wina akangolidina track yanu yafa.

Pali malo awiri osayenera kukhudza. Oyamba ndi mwendo wapakati wa fader. Fader ya 10k ikakhala pakati pa resistance yake, impedance (kukaniza komwe siginolo imakumana nako, koyezedwa mu ma ohm) yotuluka pamenepo imafika 2.5k, ndipo chilichonse mwalumikizapo chimasintha kayendedwe ka fader, moti manambala olembedwa pambali pake amasiya kunena zoona. Mukafuna kutapa fader itadutsa, tapani pa mwendo wotulukira wa amplifier yotsatira fader. Malo achiwiri ndi bus yeniyeniyo. Pa mamikisa ambiri bus imakhala ya virtual earth, kutanthauza kuti mukaikapo mita simupezapo voltage yodziwika ngakhale nyimbo ikuimba, ndipo waya uliwonse womwe mwaonjezerapo umasanduka mlongoti wokoka phokoso kulowetsa mu mix yonse.

Chenjezo lina ndi la mamikisa oyendera magetsi a mbali imodzi. PM1000 imayendera +44 V basi, ilibe rail (mzere wa magetsi) ya negative. Pa circuit yotere, potulukira pa amplifier pamakhala DC pafupifupi theka la magetsiwo, ndipo capacitor ndi imene imaitchinga. Mukatapa mbali yolakwika ya capacitor imeneyo mwatumiza ma volt 20 ndi kuposerapo ku chipangizo chomwe chimayembekezera mawu okha. Yezani ndi mita musanalumikize.

Mkulu wa mpingo wina atabwera ndi mikisa yawo ku galaja komwe ndimakonzera zinthu, anaima n'kuyang'ana tchanelo chimodzi chomwe ndinali nditachisolola n'kuchigoneka pa tebulo. Bolodi yake inali yabulauni, ya mtundu wakale uja womwe mkuwa wake umasendeka chowotcherera chikachedwapo pang'ono. M'mphepete mwa fader munali fumbi losakanikirana ndi ulusi wa makatani, ndipo capacitor imodzi yabuluu inali itatupa pamutu. Anandifunsa kuti, "Koma achimwene, anyamata athu aja amangolowetsa jeki theka mu insert n'kujambula. Ndiye ndalama zonsezi n'zachiyani?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, anyamatawo sakulakwa, zimagwiradi. Koma wina akangogunda wayayo ndi bondo, jeki ikalowa yonse, mawu a mtsogoleri wa kwaya azima mu holo monse." Njira ya insert ndi yoona, ndipo ingakonzedwe bwino powotcherera tip ndi ring pamodzi mkati mwa jeki kuti izilowa yonse. Koma ndi ya unbalanced, imakulandani insert, ndipo waya akatalika kapena akachita short, vuto limalowa mu tchanelo chenichenicho. Kwa amene interface yake ili mita imodzi kuchokera pa mikisa ndipo sakumva hum (kung'ung'uza kwa magetsi), ndinganene mosabisa kuti asavutike n'kuboola chilichonse.

Chimene chimapha phokoso

Apa m'pomwe ambiri amasokonezeka, ngakhale amisiri ena akale. Timamva kuti balanced ndi mawaya awiri, wina wonyamula siginolo, wina wonyamula siginolo yomweyo yotembenuzidwa. Zimenezo zimachitikadi kawirikawiri, koma si zimene zimapha phokoso. Bill Whitlock, yemwe anatsogolera kampani ya Jensen Transformers kwa zaka zambiri, wakhala akuphunzitsa kuti mzere umakhala balanced ngati mawaya ake awiri, hot ndi cold, ali ndi impedance yofanana kupita ku ground. Chipangizo cholandira chimangowerenga kusiyana kwa pakati pa hot ndi cold. Phokoso lochokera ku mawaya a magetsi, ma dimmer a nyali kapena kusiyana kwa ground ya zipangizo ziwiri limagwera pa mawaya onse awiri, ndipo likagwera mofanana, pochotsera limatha. Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri ya pa msika: mukaika miyala yolemera mofanana mbali zonse siipendekera, koma pokhapokha ngati mikono yake ili yotalika mofanana. Mkono umodzi ukatalikirapo, miyala yofanana yomweyo imaipendeketsa. Impedance ndiyo mikonoyo.

Tiike manambala. Tinene kuti polowera pa interface yanu pali 10k mbali iliyonse. Mukatulutsa siginolo kudzera mu resistor ya 100 ohm pa hot, cold n'kungoimangirira ku ground mwachindunji, kusiyana kwa mbali ziwirizo ndi 100 pa 10,000, kapena kuti 1 pa 100. Phokoso lichepa ndi 40 dB basi. Mukaikanso 100 ohm ina pakati pa cold ndi ground, zonse ziwiri za 1%, kusiyanako kumatsikira pa ohm imodzi kapena ziwiri, ndipo pa pepala mwayandikira 80 dB, ngakhale kuti malire enieni adzakhala ubwino wa interface yanuyo.

Kamfundo kameneka ndiko kamabala njira yotsika mtengo kuposa zonse, yomwe amaitcha impedance balanced. Hot imanyamula siginolo kudzera mu resistor ya pakati pa 47 ndi 100 ohm. Cold sinyamula siginolo iliyonse, imangopita ku ground kudzera mu resistor yofanana. Mamikisa ambiri amakono amachita zimenezi pa ma aux ndi ma direct output awo ndipo palibe amadandaula. Chomwe anthu amaiwala ndi capacitor. Ngati pa hot pali capacitor yotchinga DC, pa cold payenera kukhalanso yofanana nayo. Capacitor ya 47 µF pa 50 Hz, yomwe ndi hum ya magetsi athu kuno ndi kumudzi komwe, imakhala ngati 68 ohm. Mukaiika mbali imodzi yokha mwaononga kufanana kuja pa frequency yeniyeni imene mumafuna kupha. Ndipo poti ma electrolytic amatha kusiyana ndi 20% kuchokera pa nambala yolembedwa, ndi bwino kusankha yaikulu ngati 220 µF, yomwe pa 50 Hz ndi pafupifupi 14 ohm, kuti kusiyana kwawo kusamveke.

Ngakhale pa njira yophwekayi ndimakonda kuika buffer, op-amp (chip yaing'ono ya amplifier) imodzi yoima pakati pa tchanelo ndi dziko lakunja. Op-amp ya mu tchanelo ili kale ndi katundu wake, ikukankha fader ndi ma aux. Mukaisenzetsanso waya wa mamita 20, womwe mita iliyonse ili ndi pafupifupi 100 pF, ina imayamba oscillation ya frequency yapamwamba yosamveka ndi khutu koma yotenthetsa chip ndi kudetsa mawu. TL072, yomwe yadzaza m'mamikisa a m'ma 1980, sikonda katundu wotsika pansi pa 2k. NE5532 ndi NE5534 zimakankha ngakhale 600 ohm. Buffer imatetezanso holo: waya wa ku interface akachita short, anthu sadziwa n'komwe.

Chip ndi thiransifoma

Amene akufuna siginolo pa mawaya onse awiri amagwiritsa ntchito ma line driver opangidwira ntchito imeneyi. Odziwika ndi THAT 1646 ya kampani ya THAT Corporation ndi DRV134 yomwe inachokera ku Burr-Brown ndipo pano ili m'manja mwa Texas Instruments. SSM2142 ya Analog Devices inali ya banja lomweli koma anasiya kuipanga. Zonsezi ndi za miyendo 8 ndipo miyendoyo imagwirizana. Ubwino wake waukulu ndi woti zimatsanzira khalidwe la thiransifoma: wina akalumikiza ku chipangizo cha unbalanced, cold n'kugwera ku ground, hot imadzikweza yokha ndipo mlingo wa mawu susintha kwenikweni. Yerekezani ndi njira yakale ya ma op-amp awiri, wina wotembenuza siginolo, pomwe cold ikagwera ku ground op-amp ija imakhala ikukankhira magetsi ake onse mu ground ya mikisa.

Ma chip amenewa ali ndi zofuna zawo. Amafuna magetsi a mbali ziwiri, kawirikawiri ±15 V, osapyola ±18 V, choncho pa PM1000 ya 44 V simungangowalumikiza. Amafuna kudyetsedwa kuchokera pa impedance yotsika kwambiri, chifukwa polowera pa THAT 1646 ndi 5k yokha ndipo kufanana kwa mkati mwake kumadalira zimenezo. Resistor ya 1k yomwe mwaisiya pa njira ikwanira kusokoneza zonse. Amafuna ma capacitor a 100 nF pafupi penipeni ndi miyendo ya magetsi, komanso awiri a 10 µF a non-polar pa miyendo ya sense kuti DC yotuluka ichepe. Ndipo amakweza siginolo ndi 6 dB, nkhani yomwe tiibwererenso. Ma resistor, ma capacitor ndi masoketi mumawapeza kwa ogulitsa monga Mantech kapena RS. Ma chip enieniwo gulani kwa ogulitsa odziwika basi, chifukwa pa misika ya pa intaneti pali achinyengo ambiri olembedwa dzina lolondola koma mkati muli china.

Thiransifoma ndi imene mtima wa aliyense umafuna, ndipo ili ndi chinthu chimodzi chomwe njira zina zilibe: pakati pa mikisa ndi interface sipakhala waya wolumikiza mwachindunji, mawu amaoloka kudzera mu maginito. Ground loop, yomwe ndi magetsi ozungulira m'mawaya a ground a zipangizo ziwiri n'kubweretsa hum, imadukira pamenepo. Jensen ndi Cinemag za ku America, Lundahl ya ku Sweden, Sowter ndi Carnhill za ku Britain, onsewa amapanga za 1:1 zoyenera ntchitoyi. Zolembedwa 600:600 sizitanthauza kuti mkati muli 600 ohm; thiransifoma imangoonetsa mbali ino katundu yemwe ali mbali inayo. Chofunika kuwerenga pa pepala lake ndi mlingo waukulu womwe imapirira pa 20 Hz kapena 50 Hz, chifukwa chitsulo chake chimakhuta pa mabezi osati pa mawu apamwamba. Tating'ono totchipa tija timamveka bwino pa mawu a munthu koma ng'oma yaikulu ikalowa timaphwanya. Idyetseni kuchokera pa impedance yotsika, DC isaloweko, ndipo ikhale kutali ndi thiransifoma ya magetsi chifukwa imakoka hum mu mpweya. Ena amati, nanga preamp yotchuka ya Neve 1073 ija si imadutsitsa DC mu thiransifoma yake? Inde, koma LO1166 ya mmenemo inapangidwa dala ndi mpata mu chitsulo chake kuti ipirire zimenezo. Yanu ya 1:1 siinapangidwe choncho.

Vuto lake ndi thumba. Mathiransifoma abwino 24 ogulidwa mu madola kapena mapaundi, kuonjezera mtengo wotumizira ndi VAT ya 15%, akhoza kuposa mtengo womwe munagulira mikisa yonse. Maganizo anga ndi awa: pa mikisa ya ma transistor ya magetsi a mbali imodzi, yokhala kale ndi amplifier yamphamvu mu tchanelo, thiransifoma imakhala pamalo pake. Pa mikisa ya ma op-amp ya m'ma 1980 yomwe interface yake ili m'chipinda chomwecho, buffer ndi ma resistor awiri zikwanira, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku ma capacitor atsopano a power supply.

Mlingo wa mawu

Zipangizo za akatswiri zimayendera +4 dBu, yomwe ndi 1.228 V. Za theka la ukatswiri, monga Tascam zakale zija, zimayendera -10 dBV, yomwe ndi 0.316 V. Kusiyana kwake si 14 dB monga manambala amaonekera, ndi pafupifupi 11.8 dB, chifukwa dBu imawerengedwa kuchokera pa 0.775 V pomwe dBV imachokera pa 1 V. Mamikisa ambiri a ku Britain amayendetsa siginolo ya mkati pa -2 dBu, ndipo pamenepa chip ija imakhala ngati anaipangira dala: -2 kuonjezera 6 ndi +4 ndendende. Pa mikisa ya -10 dBV, mukaonjezera 6 dB mufika cha pa -1.8 dBu, motsalira ndi 6 dB ina. Musataye tulo nazo. Pojambula pa 24-bit malo alipo ambiri, ndipo ma interface ambiri ali ndi gain yawoyawo.

Choopsa chili kumtunda. Op-amp ya pa ±15 V imatha kutulutsa cha pa +20 kapena +21 dBu isanaphwanye, ndipo chip ikaonjezera zake mwadutsa +24. Koma ma interface amakhuta pa milingo yosiyana. Muyezo wa ku Ulaya wa EBU umaika 0 dBFS (malire omwe chojambula cha digito chimayambira kuphwanya) pa +18 dBu, wa ku America wa SMPTE pa +24 dBu, ndipo ma interface ang'onoang'ono ambiri ali cha pakati pamenepo kapena pansi. Choncho n'zotheka nyali yofiira ya pa tchanelo isanayake, kompyuta yaphwanya kale. Werengani pepala la interface yanu, ndipo ngati pakufunika ikani pad (ma resistor otsitsa siginolo) buffer isanafike, kuti 0 VU ya pa mikisa igwere cha pa -18 dBFS.

Magetsi

THAT 1646 kapena DRV134 imodzi imadya pafupifupi 5 mA itangokhala osachita kanthu. Pa matchanelo 24 ndiye 120 mA pa rail iliyonse. Mukaonjezera NE5532 ya buffer, yomwe imadya cha pa 8 mA, nambalayo yapyola 300 mA. Power supply yomwe inapangidwa zaka 40 zapitazo, ma capacitor ake atauma, ma regulator ake akutentha kale, singalandire katundu ameneyu mwakachetechete. Zizindikiro zake n'zodziwika: rail ya 15 V imatsika, ndipo mumayamba kumva phokoso la 100 Hz, lomwe ndi losiyana ndi 50 Hz ya ground loop. La 100 Hz limachokera ku rectifier ndipo limanena kuti ma capacitor kapena ma regulator alephera. Yezani ma rail musanayambe ntchito ndi mutamaliza. Nthawi zambiri njira yaukhondo ndi kupanga ka power supply kena ka ma bolodi atsopanowa, ka LM317 ndi LM337, n'kulumikiza ground yake ndi ya mikisa pa malo amodzi okha, pomwe ma ground onse amakumana. Magetsi obwerera kuchokera ku ma driver asadutse pa ground ya mix bus, apo ayi tchanelo chomwe fader yake ili pansi chizimvekabe chapansipansi mu stereo.

Kuno ku Joni pali zoonjezera. Nthawi ya load shedding ambiri tinagula ma inverter, ndipo otchipa aja a modified sine wave amaliritsa thiransifoma ya mikisa ndi kuitenthetsa, phokoso lake n'kulowa m'mawu. Mikisa ya analogi imafuna pure sine wave. Magetsi akamabwerera amabwera ndi chiphokoso chomwe chimadutsa mu ma direct output onse nthawi imodzi, choncho zimitsani pa khoma akangothima. Ndipo m'chilimwe cha kuno, mvula ya ziphaliwali ya masana ikayamba, zulani pulagi.

Earth ndi pin 1

Mu 1995 Neil Muncy analemba mu magazini ya Audio Engineering Society za vuto lomwe pano aliyense amalitcha pin 1 problem, ndipo mu 2005 bungweli linatulutsa muyezo wa AES48 wonena za nkhani yomweyi. Mfundo yake ndi yaifupi. Shield ya waya imanyamula magetsi onyansa oyenda pakati pa zipangizo ziwiri. Ikalowa mu bokosi n'kukamangiriridwa ku ground ya siginolo pa bolodi, nyansi zija zimayenda m'tinjira ta mkuwa tomwe preamp imadalira, n'kusanduka hum. Shield iyenera kumangiriridwa ku chitsulo cha bokosi pomwepo pa khomo, ndi kawaya kafupi kwambiri. Pa XLR ndi pin 1, pa jeki ya TRS ndi sleeve. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, ikani washala wa mano, mangani zolimba. Resistor ya cold ija, yokhayo ndiyo ipite ku ground ya siginolo, pafupi ndi op-amp yomwe ikukankha hot. Mamikisa ambiri akale ali ndi vutoli kuchokera ku fakitale, choncho musatengere mmene iwo anamangira masoketi awo.

Zonsezi zimaganiza kuti soketi ya pa khoma ili ndi earth yeniyeni. M'zipinda zambiri za kuseri kwa nyumba komwe timachita lendi, magetsi amabwera ndi extension ya mawaya awiri kuchokera ku nyumba yaikulu. Mukagwira chitsulo cha mikisa ndi kuseri kwa dzanja mumamva kunyerenyetsa, woimba akagunditsa mlomo pa maiki amadzidzimuka. Palibe balanced output imene ingachize zimenezo, pakufunika wamagetsi. Ndipo ena, hum ikawavuta, amachotsa waya wa earth mu pulagi ya mikisa, phokoso n'kuthadi. Tsiku lomwe waya wa 230 V adzakhudze bokosi mkatimo, njira yopita pansi idzakhala munthu wogwira maiki. Ngati pakufunika kudula loop, dulani shield ya waya wa siginolo kumbali yolandira, kapena ikani thiransifoma pa mzere wovutawo. Mikisa, interface ndi kompyuta zidye pa soketi imodzi.

Mdani wina ndi phantom power, magetsi a 48 V omwe amatumizidwa ku maiki kudzera mu waya wake. Ma interface ambiri ali ndi masoketi a combo, ndipo XLR ikalowamo batani la 48 V lili loyatsa, magetsiwo amabwerera m'mbuyo kulowa mu direct output yanu. Thiransifoma siimva kanthu, koma chip imatha kupsa. Tulutsani ndi TRS m'malo mwa XLR, ndipo pa bolodi ikani ma diode otetezera kuchokera pa hot ndi cold kupita ku ma rail.

Poika masoketi, ganizani kawiri musanaboole. Mikisa ya dzina ikabooledwa mtengo wake umatsika, ndipo tizitsulo ta drill tikagwera mu fader kapena pakati pa miyendo ya chip timabweretsa mavuto ovuta kuwapeza. Soketi imodzi ya DB25 imanyamula matchanelo 8 a balanced pa kalumikizidwe ka Tascam, komwe pano ndi muyezo wa AES59, choncho zitatu zikwanira mikisa ya 24 ndipo zingakhale pa panelo yomwe mwachita kupanga, yakaleyo n'kuisunga. Pa XLR, muyezo ndi pin 2 hot, pin 3 cold, koma zipangizo zina zakale zinkaika hot pa pin 3.

Yambani ndi tchanelo chimodzi. Lowetsani toni ya 1 kHz, yezani DC pa hot ndi cold, onani mlingo mu kompyuta. Pulogalamu yaulere ya Room EQ Wizard ikuonetsani frequency response ndi nsonga za 50, 100 ndi 150 Hz. Onani polarity pojambula direct output ndi stereo output nthawi imodzi n'kuyang'ana mafunde awo: ngati malo omwe mwatapa ali kuseri kwa stage yotembenuza, siginolo ituluka chadodolido, ndipo pa chip kapena thiransifoma mankhwala ake ndi kungosinthanitsa hot ndi cold. Pa impedance balanced zimenezo sizitheka chifukwa cold ilibe siginolo, ndiye buffer yanu ikhale yotembenuza. Pomaliza tsitsani fader ya tchanelocho mpaka pansi, toni ikulirabe mwamphamvu pa direct output, kwezani master ndi kumvetsera pa mahedifoni, kenako chitani chimodzimodzi pa direct output ya tchanelo choyandikana nacho mukachimaliza. Toni ikamveka, waya wanu watsopano wadutsa pafupi ndi bus kapena ndi polowera preamp, kapena ground yake yagwira malo olakwika. Musunthireni kumbali ya chitsulo, mupotane hot ndi cold, muyezenso, ndipo pokhapokha pakhale zii m'pamene mupite ku matchanelo otsalawo.